KODI "DEMETI" NDI TCHIMO?

Mwezi wathawu, mvula ili pafupi, amuna a mpingo wa kwathu anasonkhana kudzakonza denga la nyumba ya Mulungu, pakuti mphepo inazula malata atatu. Pakati pao panali mmisiri wa matabwa, munthu wofatsa ndi wodziwika m'midzi yonse yozungulira, amene anabwera ndi zipangizo zake osapempha malipiro. Dzuwa lili pamutu, iye ali pamwamba, nyundo inaphonya msomali nigwera pa chala chake chachikulu, ndipo anafuula liu limodzi lokha, nati, "Demeti!" Anyamata opatsira malata anaseka. Koma mkulu wina wa mpingo, amene anaima pansi, sanaseka. Anati munthu watukwana pa denga la tchalitchi, ndipo mlandu wake uyenera kulowa ku bwalo la akulu a mpingo. Ena anati, "Iai, kumeneko si kutukwana, ndi Chingerezi chabe." Anatsutsana kufikira nsima inazizira, ndipo potsiriza anatembenukira kwa ife aphunzitsi, nati, "Inu amene munaphunzira chinenero cha eni ake, tiuzeni: kodi munthuyu wachimwa kapena iai?"

Tinapempha nthawi yoganiza, pakuti yankho silinali pafupi. Ndipo m'sabata yomweyo funso lomweli linatipeza ku sukulu lili ndi nkhope ina. Mtsikana wa zaka 9 anatsalira anzake atatuluka, nafunsa ndi mau apansi, nati, "Aphunzitsi, kodi 'demeti zako' ndiye kuti chiyani? Atate amandiuza chomwecho ndikachedwa kumadzi."

Taonani, abale, liu ndi limodzi. Koma pa denga linaseketsa anyamata, ndipo m'nyumba linasowetsa mwana mtendere. Nkhani yotere siyenera kuweruzidwa mofulumira. Tikati liuli lilibe kanthu, tidzanyenga mwana uja. Tikati aliyense wolinena alowe m'mlandu, tidzasenzetsa mmisiri uja katundu woposa kulakwa kwake. Chifukwa chake tafuna kuiganizira pamodzi ndi owerenga athu, ndipo tiyamba ndi kufunsa kumene liuli linachokera.

KUMENE LIULI LINACHOKERA

"Demeti" si mau a makolo athu. Ndiwo mau awiri a Chingerezi, damn it, amene lilime lathu linawalumikiza ndi kuwafewetsa, monga linachita ndi "sukulu" ndi "buku". Mngerezi awanena pamene chinthu chamkanika: galimoto yakana kulira, kalata yatayika, sitima yamsiya. Koma Angerezi naonso anachita kubwereka. Muzu wake uli m'Chilatini, chinenero cha Aroma akale. Kwa iwo damnum kunali kutayika kwa chuma, kapena chiwonongeko, kapena dipo lolipira pa mlandu. Ndipo damnare kunali kugamula kuti munthu watsutsika, alandire chilango. Anali mau a pa bwalo la milandu, otuluka m'kamwa mwa woweruza. Liuli linadzera m'Chifalansa, nilowa m'Chingerezi pafupi ndi chaka cha 1300.

Pamene Akhristu a ku Ulaya anafuna liu lonena za chiweruzo chotsiriza, anatenga lomweli, ndipo linalemera koposa kale. Pakuti tsopano linanena za kutsutsidwa ndi Mulungu mwini, ndi kutayidwa ku chilango chosatha. M'Buku Lopatulika la Chingerezi la 1611, lotchedwa la Mfumu James, liuli lipezekamo m'malo angapo. Tsono munthu amene ati damn it, tikamasulira mau ake monga ali, wati, "Chinthu ichi chitembereredwe, chitayike kosatha." Ndipo akaloza mnzake nati damn you, wapempha kuti mnzakeyo atayike ku Gehena. Kawirikawiri anaikanso dzina la Mulungu patsogolo pake, podziwa kuti Iye yekha ndiye akhoza kugamula mlandu wotere.

Asilikali a ku England anazolowera themberero limeneli, kotero kuti pa nkhondo yaitali ya pakati pa England ndi France, ya 1337 kufikira 1453, Afalansa anawapatsa dzina lachipongwe lakuti godon, lochokera ku themberero lao lomwelo. Talingalirani, mtundu wathunthu wa anthu kudziwika kwa anansi ake ndi mau amene unanena pokwiya! Joan of Arc, namwali amene anatsogolera ankhondo a France mu 1429, analetsa asilikali ake kutemberera ndi kulumbira. Ndipo mboni zinanena pambuyo pa imfa yake kuti mkulu wina wa asilikali, La Hire, amene kuleka kunamvuta, anamlola kulumbira pa ndodo yake yokha, kuti asiye kutchula dzina la Mulungu.

MOMWE ENI AKE ANALIMBANA NALO

Tisayese kuti Angerezi analiona liuli ngati chinthu chopepuka kuyambira kale. Mu 1606 nyumba yao ya malamulo inalamula kuti wochita sewero amene atchula dzina la Mulungu mwachipongwe pamaso pa anthu alipe mapaundi 10, ndizo ndalama zambiri masiku amenewo. Ndipo lamulo la 1745 linakhudza anthu onse otemberera ndi olumbira pachabe: wantchito wamba, msilikali wamba ndi wogwira ntchito m'zombo alipe sheleni imodzi; munthu wapakati alipe masheleni 2; koma munthu wolemekezeka alipe masheleni 5. Lamulolo linayenera kuwerengedwa m'matchalitchi kanai pa chaka, ndipo linakhala m'mabuku ao kufikira 1967. M'lamulo limenelo muli nzeru imodzi imene tifuna kuti owerenga aisunge kufikira kumapeto a nkhani yathu, ndiyo yakuti wamkulu analipa zambiri koposa wamng'ono. Mwala wogwa kuchokera pamwamba upweteka koposa wogwa kuchokera pafupi.

Osindikiza mabuku, pochita manyazi, analemba chilembo choyamba ndi chotsiriza, naika kamzere pakati pake. Anthu ena, pofuna kupsa mtima osachimwa, anapotoza liuli nanena darn kapena dash, monga munthu amene afuna kuponya mwala koma ayamba waukulunga m'masamba. Amene anakonzanso Chipangano Chatsopano cha Chingerezi mu 1881 analichotsamo, naika mau onena za kuweruza ndi kutsutsa, monga anena mau a Chihelene. Ku America malamulo a opanga kanema a 1930 analiletsa. Koma mu November 1939 anawafewetsa, ndipo mwezi wotsatira kanema wotchuka, Gone with the Wind, anatuluka ali nalo liuli pafupi ndi mapeto ake.

Chotero pang'onopang'ono mpanda unagwa. Mu 2016 bungwe la Ofcom, loyang'anira mawailesi ku Britain, litafunsa anthu za mau oipa, linaika liuli m'gulu la mau opepuka, osakhumudwitsa ambiri. Lafanana ndi ndalama yachitsulo imene yadutsa m'manja a anthu ochuluka kufikira nkhope ya mfumu yafufutika. Mngerezi wa lero amene anena damn it makiyi ake atasowa sakumbukira Gehena mpang'ono pomwe; ngakhale Akhristu ambiri, makamaka ku America, akhumudwabe akamva dzina la Mulungu litaphatikizidwa pamenepo. Ndipo si matemberero okha amene afufutika chotero. Mau otsazika aja, goodbye, amene ana athu awaphunzira m'kalasi yoyamba, anali dalitso lakuti Mulungu akhale nawe. Koma lero anthu awanena osaganiza za Mulungu konse.

Pamenepa tiphunzira chinthu choyamba, ndipo tiyenera kuchivomera ndi mtima woona: mau akalamba monga anthu, ndipo tanthauzo la liu silikhala m'muzu wake mokha, koma m'chimene wonena ndi wakumva adziwa lero. Munthu sangathe kunena kuti mmisiri wathu anapempha Mulungu kuti aponye nyundo ku Gehena; zimenezo sizinalowa m'mutu mwake. Koma nkhani sithera pamenepa.

MOMWE LINAFIKIRA KWATHU

Liuli silinafika kuno m'buku la sukulu. Agogo athu analimva pa ntchito: m'migodi ya Johannesburg kumene anapita ndi Wenela, m'minda ya fodya ya ku Southern Rhodesia, m'makhitchini a Azungu, ndi pa perete wa asilikali a K.A.R. Analimva lili kuwagwera iwo eni, pamodzi ndi anzake aja, "shupiti" ndi "fotseki". Pobwera kumudzi anadza nalo pamodzi ndi jekete, chipewa ndi njinga. Ndipo wolinena anaoneka ngati munthu woyenda, wodziwa za kutali. Lero ana alitola m'kanema ndi m'mafoni. Kodi si chinthu chomvetsa chisoni kuti chikwapu chimene chinakwapula agogo athu, ife tachitola, ndipo tili kukwapula nacho ana athu?

Nanga tilikonda chifukwa ninji? Chichewa chili nao mau ake otukwana ndi otemberera, oopsa ndithu, amene munthu waulemu sangawatulutse pamaso pa apongozi ake. Tonse tidziwa momwe makolo athu anaopera themberero la kholo, ndi momwe mudzi ukhalira chete munthu akanena kwa mwana wake kuti, "Sudzaona mwai." Koma munthu yemweyo amene sangayerekeze kunena zotere m'chinenero cha amai ake, anena "demeti" apongozi ali pomwepo, osagwetsa nkhope.

Ophunzira a zinenero anafufuza chinthu chimenechi. Mu 2004 Jean-Marc Dewaele, mphunzitsi wa ku London, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu oposa 1,000 olankhula zinenero zingapo; ndipo ambiri anati mau otukwana awalemera koposa m'chinenero chimene anayamwira, koma awapepukira m'chinenero chimene anachiphunzira atakula. Ife a kumudzi tikhoza kunena chomwecho m'njira yathu. Mai akafuna kuphula mphika wotentha pa mafuwa augwira ndi chiguduli, ndipo manja ake samva moto. Koma phala limene lili m'mphikamo silinazizira chifukwa cha chiguduli. Likatayikira pa mwana, limwotcha ndithu. Chingerezi ndicho chiguduli chathu. Chiteteza lilime la wonena, koma sichiteteza khutu la wakumva.

Ifenso aphunzitsi sitili oyera m'nkhani imeneyi, ndipo sitifuna kuloza ena chala tisanadziloze tokha. Tikumbukira tsiku lina, zaka zapitazo, pamene mnyamata wina analephera samu imodzi kachitatu, ndipo liu lomweli linatipulumuka pamaso pa kalasi yonse. M'Chichewa sitikadayerekeza kunena kwa mwana wa eni ake kuti, "Utembereredwe"; koma m'Chingerezi linatuluka losatipweteka konse. Madzulo ake, podutsa pa bwalo, tinapeza ana ali kusewera sukulu. Mmodzi anakhala mphunzitsi, ndodo ili m'manja. Ndipo liu loyamba limene ananena kwa anzake linali lomwelo, ndi mau athu, ndi tsinya lathu. Samu ija anaiwala, koma phunziro ili analigwira tsiku limodzi.

KODI WOPWETEKEDWA ASAFUULE?

Wina adzati, "Aphunzitsi, munthu si mtengo. Nyundo ikagwera pa chala, kodi ayimbe nyimbo?" Funso limeneli nlabwino, ndipo sitilinyoza. Mlengi anatipanga ndi mau ofuulira, ndipo khanda lilira lisanadziwe liu lililonse. Chinenero chathu chili nao mau ake a munthu wopwetekedwa ndi wolephera: "Mayo!" "Mayo ine!" "Asa!" "Kalanga ine!" Palibe mlandu m'mau amenewa. Ndipo owerenga Buku Lopatulika adziwa kuti Masalmo ambiri ndi madandaulo a anthu opsinjika, ndi kuti Yobu, m'mutu wachitatu wa buku lake, anatemberera tsiku la kubadwa kwake, ngakhale anakana kutemberera Mulungu. Chikhristu sichitiphunzitsa kumwetulira mwachinyengo pamene mtima uli kuwawa.

Ngakhale anthu a sayansi avomereza kuti kufuula kuthandiza. Mu 2009 Richard Stephens ndi anzake, a ku sukulu yaikulu ya Keele ku England, anauza ophunzira kuti aviike dzanja m'madzi ozizira ngati matalala. Ndipo anapeza kuti iwo anapirira nthawi yaitali pobwereza liu lotukwana koposa pobwereza liu wamba. Wokonda kutukwana akamva zimenezi adzakondwa, nadzati, "Mwaona, ndi mankhwala!" Koma adikire amve zotsala. Mu 2011 Stephens yemweyo anayesanso, napeza kuti anthu otukwana kawirikawiri tsiku ndi tsiku anathandizidwa pang'ono koposa anzao osazolowera. Mankhwala akumwa m'mawa ndi madzulo popanda nthenda atha mphamvu, ndipo tsiku la nthenda yeniyeni sagwira ntchito. Tsono chizolowezi chimenechi chidzitsutsa chokha: wochizolowera wataya ulemu wa pakamwa pake, ndipo phindu lija alibenso.

Palinso chinthu china. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Nyundo sichenjeza munthu kuti, "Konzeka, ndili kudza". Ndipo m'kamphindi kotero munthu sasankha mau, koma atuluka amene ali pafupi ndi khomo. Mbala ikaboola nkhokwe usiku, chituluka chimene mwini anasungamo m'masika: wosunga chimanga, chimanga, wosunga gaga, gaga. Chotero sitiweruza munthu chifukwa anafuula. Koma liu limene anafuula litiuza chimene lilime lake linazolowera masiku a mtendere. Nkhondo ya lilime simenyedwa pa denga nyundo itagwa kale. Imenyedwa m'masiku wamba, pocheza pa bwalo, poyenda ku msika, poweta ng'ombe zosamvera.

MAFUNSO ATATU

Tsono tidzayesa bwanji? Ife tiona kuti pali mafunso atatu amene munthu aliyense akhoza kudzifunsa, ngakhale sanaphunzire Chilatini.

Loyamba ndi ili: liuli laloza yani? Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kudandaula ndi kutemberera. Wodandaula anena za ululu wake. Wotemberera afunira mnzake choipa. Mmisiri uja anafuulira nyundo, ndipo nyundo ilibe mtima wosweka. Koma atate uja anafuulira mwana wake. Wina adzati, "Ine sindidziwa tanthauzo lake, tsono ndalakwa bwanji?" Tiyankha ndi kumfunsa kuti, nanga "zako" uja anamuikapo ndani? Kameneko si Chingerezi, ndi kathu. Ndife tomwe tinasula mpini wa Chichewa ndi kuuika pa nkhwangwa ya eni ake, kuti ikhoze kutema munthu. Wonena "demeti zako" angakhale sadziwa za Aroma ndi za Mfumu James, koma adziwa bwino lomwe kuti ali kuponya kanthu, ndipo adziwa amene ali kumponyera. Mtsikana uja nayenso sanadziwa tanthauzo lake, koma anadziwa kuti ndi mwala. Chifukwa chake anadza kudzafunsa kukula kwa mwalawo.

Lachiwiri: lamveka kwa yani? Munthu ali yekha m'munda khasu litaguluka, ndi munthu ali pakati pa ana, sali pamalo amodzi. Apa ndi pamene tikumbukira masheleni 5 aja. Mau a kholo, a mphunzitsi, a mfumu, a mkulu wa mpingo agwa kuchokera pamwamba. Mnyamata akanena liu loipa kwa mnzake posewera mpira, liuluka ndi mphepo. Koma atate akalinena kwa mwana wake, mwanayo agona nalo, nadzuka nalo, ndipo kapena adzalinena kwa ana ake patapita zaka 30. M'mera mpoyamba. Amene apatsidwa ulamuliro pa anzake ayenera kusunga pakamwa pake koposa onse.

Lachitatu: alamulira ndani, ife kapena liulo? Pali anthu amene sangathe kumaliza chiganizo chimodzi popanda "demeti". Njinga ikaphwa, demeti. Ndiwo zikachepa mchere, demeti. Mvula ikagwa, demeti. Ikakana kugwa, demetinso. Munthu wotere, ngakhale saloza mnzake, ali kudziphunzitsa kuona dziko lonse ngati mdani wake, ndi kuyankha chovuta chilichonse ndi mkwiyo. Mau amene tinena kawirikawiri sangoonetsa mtima wathu, koma aumbanso mtimawo, monga njira ya kumadzi ikula chifukwa cha mapazi oyendamo. Wotemberera zinthu zazing'ono tsiku lonse, madzulo apeza kuti chiyamiko chamthera.

Pamwamba pa mafunso atatuwa pali chinthu chimodzi chosafuna kufunsa, ndicho dzina la Mulungu. Pamene munthu aliphatikiza ku themberero, kapena alifuula chabe chifukwa mbale yasweka, m'Chingerezi kapena m'Chichewa, Malamulo Khumi anena poyera, ndipo Mkhristu alibe pothawira.

CHOOPSA CHA MBALI INA

Koma tichenjere, tingagwe m'dzenje la tsidya lina. Nkwapafupi kupanga mndandanda wa mau oletsedwa, ndi kudziyesa oyera chifukwa sitinawanene. Pali anthu amene "demeti" sanatulukepo m'kamwa mwao chibadwire, koma apha mbiri ya anzao ndi miseche yonenedwa m'mau aulemu. Pali mai amene satukwana mpongozi wake, koma angomtsonya podutsa. Ndipo kutsonyako, kumene kulibe chilembo ngakhale chimodzi, kulasa koposa mau khumi a Chingerezi. Pali bambo amene ati kwa mkazi wake, "Zikomo, mwachita bwino," ndi mau ozizira otero kuti mkaziyo akadakonda kukalipiridwa. Angerezi aja anatola masheleni zaka zambirimbiri, koma lamulo silinakhoza kuchiza mitima. Linangophunzitsa anthu ena kukulunga mwala m'masamba. Ngati mpingo ulanga liu lotuluka mwangozi, nulekerera chidani chovala bwino, ndiye kuti wathamangitsa mbewa nusiya fisi m'khola.

Chifukwa chake tinena kuti tchimo silikhala m'zilembo. Likhala m'mkwiyo wosamangika ndi m'kupeputsa munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Koma choipa cha liu lobwereka ndi ichi, chakuti libisa tchimolo kwa mwini wake. Wotemberera m'Chichewa amva kulemera kwa zimene wanena, ndipo kapena usiku adzalapa. Wotemberera m'Chingerezi agona tulo tabwino, poyesa kuti sananene kanthu.

ZIMENE TINAYANKHA

Pa Sabata lotsatira tinakhala pansi ndi mkulu wa mpingo uja pamodzi ndi mmisiri. Tinati kwa mkuluyo, "Bambo, mwachita bwino kusamala ulemu wa nyumba ya Mulungu, koma uwu si mlandu wa ku bwalo. Munthuyu sanatemberera mnzake, ndipo sanatchula dzina la Mulungu. Anafuula ndi ululu ali kutigwirira ntchito yaulere." Ndipo kwa mmisiri tinafotokoza kumene liu lake linachokera, ndi kuti anyamata aja anaseka chifukwa analikonda, ndipo adzalinena. Iye anayang'ana chala chake chotupa, nati, "Aphunzitsi, ndikadadziwa ndikadangoti mayo." Mkulu uja anaseka, namgwira dzanja, ndipo nkhani inatha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Zambiri zimene tithamangira nazo ku bwalo zikadatha ndi mau awiri a pa ubale.

Za mwana uja zinali zolemera koposa. Kwa iye tinati, "Mwana wathu, amenewo ndi mau a anthu akutali, onena pokwiya. Atate ako sadziwa kulemera kwake. Iwe suli wotembereredwa, ndipo palibe liu la munthu limene likhoza kukuchotsa m'manja a Mulungu." Pambuyo pake tinapita kukacheza ndi atate ake, munthu wakhama amene akonda ana ake monga ife tonse. Titalonjerana ndi kufunsana za kumunda, tinawapempha kuti atilole kumasulira mau aja m'Chichewa. Ndipo tinawanena monga ali, ndi dzina la mwana wao. Anakhala chete nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Aphunzitsi, ine ndinayesa ndi mau okalipira basi. Atate anga anabwera nao ku Joni, ndipo anandilera nao. Mwana wanga ndingamnenere zotero ine?" Sitinaonjeza kanthu, pakuti chiguduli chinali chitachoka, ndipo anamva okha kutentha kwa mphika.

Sitinena kuti chizolowezi cha zaka zambiri chitha tsiku limodzi. Ife tomwe tili kulimbana nacho. Koma tipereka kwa owerenga athu muyeso uwu, umene uli wapafupi kuti ngakhale mwana akhoza kuusunga. Liu lililonse lachilendo limene tifuna kuponyera munthu, tiyambe talimasulira mumtima m'chinenero cha amai athu. Likatichititsa manyazi m'Chichewa, tilisiye m'Chingerezi momwemo. Ndipo inu atate ndi amai, inu aphunzitsi anzathu, tayesani sabata imodzi kumvetsera ana anu pamene ali kusewera okha kuseri kwa nyumba. Mau amene mudzamva kumeneko ndi anu.